Kemper Profiler: Studio, Direct, Merged ndi Liquid zimasiyana pati m'khutu?

Kemper Profiler ndi chipangizo cha ku Germany chimene chimamvetsera ampulifaya ya gitala n'kusunga kamvekedwe kake m'fayilo yotchedwa profile, kuti woimba azitha kutulutsa mawu a ampulifayayo popanda kuisenza kupita nayo kulikonse. Anachipanga ndi Christoph Kemper, yemwe oimba makibodi ankamudziwa kale chifukwa cha kibodi yake ya Access Virus, ndipo chinaonekera koyamba pa chionetsero cha zida zoimbira cha NAMM ku Anaheim, ku America, mu 2011. M'zaka zoyambirira profile inali ya mtundu umodzi basi, koma lero aliyense wofuna kugula kapena kukopera ma profile amakumana ndi mayina anayi, Studio, Direct, Merged ndi Liquid, amene ogulitsa amangowalemba pa katundu wawo osafotokoza kanthu. Ndimagwiritsa ntchito chipangizochi pojambula nyimbo komanso poimba pagulu, ndipo chimene ndapeza n'chakuti kusiyana kulipo ndithu, kungoti sikumveka pamene woimba wangosankha profile n'kukhwacha chord imodzi. Kumadzamveka akazimitsa bokosi la masipika la m'profileyo, akapotokola batani la gain lowonjezera kapena kuchepetsa kusasa kwa mawu, kapena akachepetsa voliyumu pa gitala.

Popanga profile, Kemper amailumikiza polowera gitala pa ampulifaya, maikolofoni amaiika kutsogolo kwa sipika, ndipo waya wa maikolofoniyo amaubwezera mu Kemper momwemo. Akadina batani, chipangizocho chimatumiza mu ampulifaya mawu oyesera, ena okwera ndi kutsika, ena a phokoso lokhalokha, moti kwa kanthawi kosakwana mphindi imodzi m'chipindamo mumamveka zinthu zosafanana ndi nyimbo ngakhale pang'ono. Chikamva mmene ampulifayayo yasinthira mawuwo, chimadzikonza kuti nachonso chiziwasintha chimodzimodzi. Kenako pamabwera gawo lotchedwa Refine, pamene woimba amakhwacha ma chord mwamphamvu chipangizocho chikuyerekeza mawu ake ndi a ampulifaya yeniyeni n'kumawongola pamene paphonyeka. Gawo limeneli anthu ambiri amalichita mothamanga, komatu ndi limodzi mwa zinthu zimene zimachititsa kuti ma profile awiri a ampulifaya imodzi, otengedwa tsiku limodzi, asiyane pa mmene chingwe chimayambira kulira chikangokhudzidwa. Reverb, tremolo ndi delay, zimene zimawonjezera mkokomo, kunjenjemera ndi kubwereza kwa mawu, zimayenera kuzimitsidwa pa nthawiyi chifukwa chipangizochi sichizitenga, kotero profile ya Fender Deluxe Reverb ilibe reverb ya Fender, ndipo imene mukuimva poiliza ndi ya Kemper.

Profile yotengedwa mwanjira imeneyi ndiyo Studio, ndipo mkati mwake muli zinthu zitatu zosakanikirana: ampulifaya, bokosi la masipika ndi maikolofoni. Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa gawo lalikulu la zimene anthu amati ndi kusiyana kwa ma ampulifaya limakhala kusiyana kwa zinthu ziwiri zomalizazo. Sipika ya gitala situlutsa mawu onse mofanana; imayamba kufooka mawu akakwera kupitirira ma Hz 5,000 kapena pamenepo (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo iliyonse ili ndi mbali imene imaikokomeza. Celestion Vintage 30 imatulutsa mawu apakati okwererapo, olasa, amene amadutsa m'gulu la zida zina mosavuta, pamene Celestion Greenback ya mawati 25 ndi yofatsa, ndipo imayamba kubanika msanga ikakankhidwa. Maikolofoni nayo ili ndi khalidwe lake. Shure SM57 ikaloza pakatikati pa sipika imapereka mawu akuthwa, okanda m'khutu. Mukaisuntha masentimita atatu okha kulowera m'mphepete, kuthwa kuja kumatsika ndipo mawu amakhuthala. Royer R-121, yomwe ndi ya mtundu wa ribbon, ikaikidwa pamalo omwewo imafewetsa pamwamba n'kuwonjezera besi, makamaka ikayandikira kwambiri sipika. Choncho ma Studio profile awiri olembedwa kuti Marshall JCM800 akhoza kusiyana kwambiri kuposa mmene Marshall ndi Vox zingasiyanirane zitadutsa m'bokosi limodzi ndi maikolofoni imodzi, ndipo wogula amene sakudziwa zimenezi amadzudzula ampulifaya pa mlandu wa maikolofoni.

Ubwino wa Studio profile ndi wakuti ndi yokonzeka kale. Mukailowetsa mu mikisa ya m'tchalitchi kapena ya pa ukwati, kapena mukaijambula molunjika mu kompyuta, imamveka monga gitala imamvekera m'nyimbo yojambulidwa, ndipo injiniya sakhala ndi zambiri zoti akonze. Woimba amene anazolowera kuima pafupi ndi ampulifaya yeniyeni amadabwa tsiku loyamba, amati mawu ndi ochepa thupi ndiponso akutali, koma zimenezi si vuto la chipangizo. Khutu la munthu woimirira m'chipinda limamva bokosi lonse ndi makoma omwe, pamene maikolofoni imamva kadera kakang'ono ka sipika imodzi. Kemper inaikamo batani lotchedwa Pure Cabinet lochepetsera kusasalala kumene maikolofoni yoyandikira imabweretsa pa mawu okwera, ndipo ndapeza kuti likatsegulidwa pang'ono limathandiza pa mawu osasa kwambiri, koma likapitirira limafafaniza chimene chimasiyanitsa bokosi lina ndi linzake, ma profile onse n'kuyamba kufanana.

Vuto la Studio profile limayamba woimba akafuna kuliza kudzera m'bokosi lenileni la gitala. Pamenepo bokosi la m'fayilo liyenera kuzimitsidwa, apo ayi mawu adutsa m'mabokosi awiri n'kutuluka ogontha. Koma popeza chipangizocho chinamva ampulifaya ndi bokosi pamodzi, sichidziwa bwinobwino pamene china chikuthera ndi pamene china chikuyambira, ndiye chimangoyerekeza pogwiritsa ntchito njira imene kampaniyo imaitcha CabDriver. Kuyerekezako n'kwabwino moti omvera m'holo sangadandaule, koma woimba watcheru amamva kuti kanthu kena ka bokosi loyamba katsalira. Pa ma profile otengedwa ndi bokosi la masipika anayi ndimamva mawu apakati atapanikizika pang'ono, ndipo nthawi zina kuthwa kwa SM57 kumatsala pamwamba ngakhale kuti maikolofoniyo amati yachoka.

Direct profile, imene inabwera ndi pulogalamu ya chipangizochi ya nambala 3.0 mu 2015, inadzathetsa kuyerekezako. Apa sagwiritsa ntchito maikolofoni. Amaika kabokosi kotengera mawu pa waya kotchedwa DI box, kotha kupirira mphamvu ya sipika pakati pa ampulifaya ndi bokosi, n'kutenga mawu asanafike ku sipika. Bokosi liyenera kukhala lolumikizidwabe, choyamba chifukwa ampulifaya ya mavavu, timachubu tagalasi tokuzira mawu, ikayatsidwa popanda sipika kapena cholowa m'malo mwake thiransifoma yake imatha kupsa, ndipo chachiwiri chifukwa sipika imasintha khalidwe la ampulifaya. Mfundo yachiwiriyi ndi imene imabweretsa kusiyana kobisika kwambiri pa nkhani yonseyi. Sipika yolembedwa kuti ndi ya ma ohm 8 kapena 16 sikhala pa nambala imeneyo nthawi zonse. Impedance yake, nambala ya ma ohm ija yosonyeza mmene sipika imakanira magetsi, imakwera kwambiri pa mawu otsika, chapafupi ndi ma Hz 100 m'bokosi lotseka la masipika anayi, n'kukweranso pang'onopang'ono pa mawu okwera. Ampulifaya ya mavavu imatsatira kukwera ndi kutsika kumeneku, n'chifukwa chake imapereka besi yodumpha ndi mawu a pamwamba owala, ndipo Vox AC30, yomwe ilibe negative feedback, njira yobwezera mawu ena kumbuyo kuti ampulifaya ikhale yodekha, imatsatira kwambiri kuposa Fender kapena Marshall. Zotsatira zake n'zakuti Direct profile, ngakhale ilibe bokosi, imasunga chizindikiro cha bokosi limene linalumikizidwa pa tsiku lotenga. Chingwe chachikulu cha gitala chimalira pa ma Hz 82, kotero manotsi a pa mafureti oyambirira a chingwe chimenecho amagwera ndendende pamene bokosi lija limadumphira. Mukaliza profile yotere kudzera m'kabokosi kotsegula kumbuyo ka sipika imodzi, mumamva manotsi amenewo akulemera kuposa anzawo pa chifukwa chimene sichikuoneka m'chipindamo. Ma Direct profile otengedwa ndi load box ya resistor yokha, kabokosi komeza mphamvu ya ampulifaya m'malo mwa sipika, amakhala ndi vuto losemphana ndi limeneli, mawu ake ndi athyathyathya, besi sidumpha ndipo pamwamba sipawala. Wogulitsa wabwino amalemba chimene anagwiritsa ntchito, koma ambiri salemba.

Direct profile ikalowa mu mikisa popanda bokosi lililonse, mawu osasa amatuluka akuchita phokoso ngati usipa ukukazingidwa m'mafuta otentha, chifukwa palibe sipika yodula mawu okwera aja. Imayenera kudutsa m'bokosi lenileni, kudzera mu ampulifaya yosasintha mawu monga ya mawati 600 imene ili mu PowerHead, mtundu wa Kemper wokhala ndi ampulifaya yakeyake, kapena kupatsidwa bokosi la m'fayilo, kaya la profile ina kaya impulse response, fayilo yosunga kamvekedwe ka bokosi. Ikadutsa m'bokosi lenileni, ndi mtundu umene ndimaumva kuti wayandikira kwambiri ampulifaya ya mavavu, makamaka pa mmene mawu amagundira pachifuwa ndi mmene amamasukira chingwe chikamazirala.

Merged ndi kuphatikiza kwa ziwirizi. Wopanga amatenga Studio ndi Direct pa ampulifaya imodzi osakhudza batani lililonse pakati, kenako amakopera bokosi la Studio n'kuliika pa Direct ndi kudina Merge Cabinet. Popeza tsopano chipangizocho chikudziwa mawu a ampulifaya payokha, chimatha kuchotsera molondola n'kutsala ndi bokosi ndi maikolofoni zenizeni. Woimba amatumiza mawu okhala ndi bokosi ku mikisa, n'kutumiza opanda bokosi ku sipika yake ya pa siteji, nthawi imodzi. Cholinga chake n'chakuti Merged izimveka chimodzimodzi ndi Studio imene inachokerako bokosi likakhala loyatsa, ndipo m'mahedifoni, voliyumu itafanana, kusiyana kumene ndimamva n'kochepa zedi, mwina Merged kuyamba notsi mouma pang'ono. Ndikuganiza kuti kumeneko kumachokera pa kutenga kawiri ndi kuchita Refine kawiri, osati pa mtundu wa profile, ndipo sindingalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha iko. Phindu lenileni la Merged limene anthu saliganizira lili pa kubwereka mabokosi. Mukatenga bokosi la Studio profile n'kuliika pa ampulifaya ina, mwatenga bokosi loyerekeza limodzi ndi zotsalira za ampulifaya yoyamba. Mukatenga la Merged, mwatenga bokosi lokhalokha, ndipo ampulifaya yatsopanoyo imasunga khalidwe lake.

Mitundu itatuyi ili ndi chilema chimodzi chofanana: profile imasunga ampulifaya mabatani ake ali pamalo amodzi. Mabatani a bass, middle, treble ndi presence a pa Kemper amagwira ntchito mofanana pa profile iliyonse, pamene pa ampulifaya yeniyeni mabatani amenewa amakokerana, ndipo malo ake m'kati mwa makina amasiyana. Pa Deluxe Reverb, yomwe ili ndi treble ndi bass zokha, mabataniwa ali koyambirira, mawu asanayambe kusasa, kotero kukweza bass kumachititsa kusasako kukhala kotayirira ndi kwamatope, ndipo kukweza treble kumakwezanso mphamvu yonse. Pa JCM800 mabataniwa amabwera mawu atasasa kale m'mavavu oyambirira, ndiye amangoumba chimene chatuluka. Batani la gain nalo lili ndi chinsinsi chake. JCM800 ili ndi kakapasita kakang'ono pa batani limeneli kamene kamalola mawu okwera kudutsa gain ikakhala yotsika, moti ampulifayayo imakhala yowala ndi yopyapyala pa gain yochepa, n'kumakhuthala batani likamakwera. Tengani profile wamba ya JCM800 yotengedwa pa gain yokwera, muitsitse pa Kemper: kusasa kumachepa ndithu, koma mawu amakhalabe okhuthala ndi amdima, osati owala mmene Marshall yeniyeni ikanachitira. N'chifukwa chake ogulitsa ma profile, kuphatikizapo odziwika bwino monga Michael Britt wa gulu la Lonestar, ankatenga ampulifaya imodzi kangapo, iliyonse mabatani ali pamalo ena, ndipo wogula ankayendayenda m'mafayilo ambirimbiri kusaka imene yamukomera.

Liquid, imene inabwera mu 2023 ndi pulogalamu ya nambala 10, ndi yankho la kampaniyo pa chilema chimenechi. Kunena zoona si mtundu wachinayi woima paokha, chifukwa profile ikhoza kukhala Studio, Direct kapena Merged n'kukhalanso Liquid. Wopanga amauza chipangizocho mtundu wa ampulifaya imene watenga ndi pamene batani lililonse linali, ndipo kuyambira pamenepo gain ndi mabatani a kamvekedwe amatsanzira a ampulifaya imeneyo, kakapasita kaja n'komwe. Mukasiya mabatani pamene anali potenga, Liquid ndi profile wamba zimamveka chimodzimodzi, ndipo aliyense wonena kuti Liquid payokha ndi yokoma kuposa inzake akumva voliyumu kapena bokosi lina. Mukayamba kupotokola, kusiyana kumakhala koonekeratu. Pa Liquid ya mtundu wa Marshall, kutsitsa gain kufika pa 3 kumabweretsa kuwala kuja, ma chord n'kumamveka chingwe chilichonse pachokha. Pa ya mtundu wa Fender, kutsitsa bass kumayeretsa kusasa m'malo mongochepetsa thupi la mawu. Malire ake ndi awiri. Ma ampulifaya amene ali pa mndandanda wa chipangizocho ndi owerengeka, kotero ampulifaya yosowa imabwereka mabatani a ina yofanana nayo, ndipo ngati wopanga analemba malo a mabatani molakwika, zonse zotsatira zimapotoka. Komanso profile yotengedwa pa gain yotsika siingadziwe bwino mmene mavavu akanachitira atakankhidwa mpaka mapeto, ndiye kutsitsa gain kumakhala kokhulupirika kuposa kukweza.

Kusiyana konseku kumamveka kwambiri pa mawu amene ali m'malire, oyera woimba akakhudza mofatsa koma osasa akakhwacha mwamphamvu. Ndimayesa profile iliyonse motere: ndimasankha pickup ya kukhosi, kachipangizo ka pa gitala kotola mawu a zingwe, voliyumu ya gitala pa 10, n'kuliza chord ya G yotsegula mwamphamvu, kenako ndimatsitsa voliyumuyo kufika pa 6 n'kuliza chord yomweyo ndi zala. Profile yabwino ya AC30 imayera koma imasunga kamkokomo kowala pa zingwe zing'onozing'ono. Yofooka imangochepa mphamvu, kusasa n'kutsalira pansi pa notsi pamene ikuzirala. Kwa oimba rhumba, sungura kapena nyimbo zauzimu zimene gitala yake ndi yoyera, manotsi othamanga pamwamba pa khosi, mtundu wa profile suli ndi kanthu kwenikweni poyerekeza ndi sipika ndi maikolofoni, ndipo batani lotchedwa Definition, limene limasankha ngati kusasa kuzitsamira pa mawu otsika kapena okwera, limasintha zambiri kuposa kusamuka kuchoka pa Studio kupita pa Merged. Poyerekeza ma profile awiri, voliyumu iyenera kufanana kaye. Fletcher ndi Munson anaonetsa kale mu 1933 kuti khutu limamva mawu otsika ndi okwera mosiyana mphamvu ikasintha, kotero profile yokwera pang'ono imapambana nthawi zonse ngakhale ili yoipirapo, ndipo yokoma usiku m'mahedifoni imadzalasa makutu pa siteji.

Kemper salinso yekha pa msika. Quad Cortex ya kampani ya Neural DSP ya ku Finland inafika m'masitolo mu 2021, TONEX ya IK Multimedia ya ku Italy inatuluka mu 2022, ndipo Neural Amp Modeler ya Steven Atkinson ndi yaulere. Zitatuzi zimaphunzitsa pulogalamu ya kompyuta yotchedwa neural network kutsanzira ampulifaya, ndipo nazonso zimasiyanitsa kutenga ampulifaya yokha ndi kutenga pamodzi ndi bokosi, kotero zonse zimene ndanena za sipika, maikolofoni ndi load box zimakhudzanso izo. M'makutu anga, TONEX ndi Neural Amp Modeler zimayandikira kwambiri ampulifaya yoyambayo pa mawu osasa zedi, pamene Kemper amaikapo kake: besi yomangika pang'ono ndi mawu apakati otulukira kutsogolo, chinthu chimene oimba ambiri akhala akuchinena. M'gulu la ng'oma, besi ndi kibodi, kake kameneko kamathandiza gitala kumveka, ndiye sindikuona ngati chilema chachikulu. Neural Amp Modeler ili ndi kusiyana kwake kwa mitundu, standard, lite, feather ndi nano, kumene ndi kwa kukula kwa fayilo ndi mphamvu ya kompyuta imene ikufunika, ndipo zing'onozing'onozo zimataya kaye tinthu ta pa mapeto a notsi zisanataye china chilichonse.

Kwa munthu amene amaimba molunjika mu mikisa, ndipo kwathu kuno ndi ambiri chifukwa mavavu a EL34 kapena 6V6 sapezeka m'masitolo wamba, Studio profile yotengedwa ndi munthu wodziwa kuika maikolofoni ndi yokwanira, ndipo zipangizo za Kemper monga Profiler Stage ya mu 2019 kapena Profiler Player ya kumapeto kwa 2023 zimailiza bwino, ngakhale kuti Player inatuluka ili yongoliza ma profile, osati kuwatenga. Amene ali ndi bokosi lenileni pa siteji afune Merged, ndipo amene amakonda kupotokola mabatani pakati pa nyimbo afune Liquid. Chimene chimandikwiyitsa ndi Rig Exchange, malo aulere pamene eni zipangizozi amagawana ma profile: muli mafayilo zikwizikwi, koma ambiri salemba sipika, maikolofoni kapena malo a mabatani, ndipo ena olembedwa kuti Merged anaphatikizidwa ndi bokosi la tsiku lina kapena la ampulifaya ina. Njira yowadziwira ndi kuzimitsa bokosi n'kumvetsera kudzera mu sipika yeniyeni ya gitala. Musanalipire paketi ya ma Liquid profile, funsani wogulitsayo ngati anawatenga mwatsopano kapena anangosandutsa akale, komanso ngati analemba malo a mabatani pa tsiku limene ankatenga.